Kulera bulugamu womera yekha m'mphika: luso la bonsai ku Chelstone

Mwa mitengo yonse yochokera kunja imene inazika mizu m'Zambia ndi m'Malawi, bulugamu ndiye amene anthu amamuyamikira chifukwa cha kutalika ndi kuwongoka kwake, popeza kwa iye n'kumene kumachokera mapolo a magetsi, mapaso a nyumba, mitengo yochirikizira pomanga nyumba zosanja ndiponso nkhuni zowotchera njerwa ndi zoumitsira fodya. N'chifukwa chake ambiri amadabwa akamva kuti mtengo womwewu ungathe kukhala zaka makumi angapo m'mphika wosaya, osapitirira m'chiuno mwa munthu, koma uli ndi maonekedwe onse a chimtengo chokalamba cha m'mbali mwa mtsinje. Zimenezi n'zotheka ndithu, ndipo kwa munthu wokhala ku Chelstone, dera la kum'mawa kwa Lusaka m'mbali mwa msewu wa Great East, kumene zitsa ndi mbande za bulugamu zomera zokha zimapezeka m'malire a mapuloti, m'mphepete mwa ngalande ndi m'minda yakale yolowera ku Chongwe, palibe mtengo woyenera kuphunzirirapo kukumba ndi kulera mtengo wa m'tchire kuposa uwu, ngakhale kuti suchedwa kufa ukagwiridwa mosasamala.

Bonsai ndi luso lolera mtengo weniweni m'chotengera chaching'ono, moudulira nthambi ndi mizu mwadongosolo, kufikira utaoneka monga mtengo waukulu umaonekera kwa munthu amene waima patali. Si mtundu wapadera wa mbewu, ndiponso si mtengo wopinimbira ndi njala monga ena amaganizira, chifukwa umathiriridwa ndi kudyetsedwa mosamala kuposa mtengo uliwonse wa m'munda, ndipo utati wabzalidwanso pansi ukhoza kukula n'kufika msinkhu wa anzake. Lusoli linayambira ku China, kumene limatchedwa penjing, ndipo chithunzi cha pakhoma la manda a kalonga Zhang Huai, cha m'chaka cha 706, chimaonetsa atumiki atanyamula mbale zokhala ndi timitengo ndi miyala. Kuchokera kumeneko linaolokera ku Japan, kumene linali litadziwika kale m'nyengo ya ulamuliro wa Kamakura, pakati pa 1185 ndi 1333. Chivomezi cha 1923 chitagumula mzinda wa Tokyo, alimi a bonsai anasamukira ku Omiya n'kukhazikitsa mudzi wawo mu 1925, ndipo chionetsero chawo chachikulu chotchedwa Kokufu-ten chinayamba kuchitika mu 1934.

Munthu akhoza kupeza mtengo wa bonsai pofesa njere, pobzala kanthambi kapena pogula mbande ku nazale, monga zija zimagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya ku Kabulonga ndi Woodlands, koma mtengo umene akatswiri amaulemekeza kwambiri ndi umene Ajapani amautcha yamadori, ndiye kuti wokumbidwa pamalo pamene unamera wokha. Chifukwa chake chagona pa thunthu. Mtengo ukangolowa m'mphika waung'ono thunthu lake limanenepa pang'onopang'ono kwambiri, moti zaka khumi zikhoza kutha lisanafike kukula kwa mkono wa mwana, pamene mtengo wa m'tchire umene mbuzi zaudya nsonga chaka ndi chaka, moto wa lupsa wauwaula, ndipo chikwanje cha otola nkhuni chaudula kangapo, umakhala kale ndi thunthu lonenepa, lopindika ndi lazipsera pa msinkhu waufupi. Ukalamba woterewu palibe dzanja la munthu limene lingaupange mwachangu.

Komatu kukonda mitengo yotereyi kuli ndi mbiri yomvetsa chisoni imene aliyense woyamba lusoli ayenera kuidziwa. Ku Japan, mtengo wa m'mapiri wotchedwa shimpaku, umene uli m'banja limodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje, unakumbidwa mopanda malire kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, choyamba m'mapiri a pachilumba cha Shikoku kenako m'matanthwe a ku Itoigawa, mpaka mitengo yokalamba inatsala pang'ono kutheratu m'malo amenewo. Dziko la Zambia silingakwanitse kuwonjezera vuto lotere pa limene lilipo kale, chifukwa chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri chimati nkhalango zokwana mahekitala 250,000 mpaka 300,000 zimatha chaka chilichonse kaamba ka kutsegula minda, kuwotcha makala ndi kumanga, ndipo mtengo wa mukula unadulidwa kwambiri mpaka mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa mgwirizano wa CITES, umene umayang'anira malonda a zachilengedwe zomwe zili pangozi. Kuwonjezera apo, mitengo ya m'nkhalango zathu monga mombo, mtondo ndi msuku imazika mizu yakuya ndipo yambiri imafa ikazulidwa, kotero wophunzira amene ayamba nayo amawononga tchire popanda kupindula kanthu. Bulugamu ndi mlendo amene amaberekana mosavuta, ndipo chitsa chake chimodzi chikachoka m'mbali mwa ngalande palibe nkhalango imene yasauka.

Mlendoyu kwawo ndi ku Australia, kumene kuli mitundu yake yoposa 700, kuyambira pa zitsamba za m'chipululu kufikira pa zimphona za ku Tasmania, zomwe china mwa izo, chotchedwa Centurion, chinapimidwa n'kupezeka kuti n'chotalika pafupifupi mamita 100. Nthambi imene akatswiri a ku Ulaya anayamba kuifufuza inathyoledwa ndi David Nelson pachilumba cha Bruny mu 1777, paulendo wachitatu wa James Cook, ndipo Mfalansa Charles Louis L'Héritier ndiye anapatsa mtunduwu dzina la sayansi lakuti Eucalyptus. M'Zambia minda ikuluikulu ya bulugamu ndi paini inatsegulidwa ku Copperbelt m'zaka za m'ma 1960 pofuna matabwa ndi mitengo ya m'migodi, ndipo kuyambira 1982 yakhala m'manja mwa kampani ya ZAFFICO, imene pa mitundu ya bulugamu imabzala makamaka Eucalyptus grandis ndi Eucalyptus cloeziana. Ku Malawi mtengowu unafala kudzera m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, m'maesiteti a fodya, ndiponso m'ntchito yobzala nkhuni za mzinda wa Blantyre imene inayamba mu 1986. Kuzungulira Lusaka eni mafamu, masukulu ndi mipingo anaubzala m'malire ngati chotchinga mphepo, ndipo ana ndi zidzukulu za mitengo imeneyo ndiwo amene lero akumera okha paliponse pamene njere zake, zomwe n'zazing'ono kwambiri, zagwera panthaka yonyowa yopanda udzu.

Kunena kuti mtengo unamera wokha sikutanthauza kuti ulibe mwini. Lamulo la nkhalango la Forests Act No. 4 la 2015 limaletsa kudula, kukumba kapena kuchotsa zomera m'nkhalango za boma popanda chilolezo cha dipatimenti ya nkhalango, ndipo izi zikukhudza nkhalango ya Lusaka East, yodziwika ndi nambala 27, imene ili kum'mawa kwa mzinda ndipo ndi gwero la mtsinje wa Chalimbana, komanso kuchotsa zomera n'koletsedwa kumalo osungirako nyama a Lusaka National Park amene anatsegulidwa mu 2015. Mitengo ya m'mbali mwa misewu ya mumzinda ili m'manja mwa khonsolo, ya papuloti kapena pafamu ndi ya mwini malo, ndipo m'midzi ya ku Chongwe, m'dziko la Asoli lolamulidwa ndi Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, mlendo amayenera kuyamba waonekera kwa nyakwawa ndi kwa mwini munda. Chilolezo sichivuta kupeza, chifukwa alimi ambiri amadana ndi zitsa za bulugamu zimene zimayamwa chinyezi m'mphepete mwa minda yawo, ndipo malo amene akulambulidwa kuti amangepo nyumba, omwe ndi ochuluka pakati pa Chelstone ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, amakhala ndi zitsa zimene zikanangotenthedwa.

Zimene zimachitika pansi pa khungwa ndi pansi pa nthaka

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene bulugamu amapirira nkhwangwa koma n'kufa ndi khasu, ayenera kudziwa mmene mtengowu unazolowerera moto wa kwawo. Pansi pa khungwa la thunthu pamabisala maso ambirimbiri ogona, ndiye kuti tizigawo tomwe tingathe kutulutsa mphukira, ndipo maso amenewa amadzuka pamene nsonga yapsa kapena yadulidwa. Mitundu yambiri ilinso ndi chotupa cholimba m'tsinde, pamene thunthu limakumana ndi mizu, chimene akatswiri amachitcha lignotuber, ndipo m'menemo mumasungidwa chakudya pamodzi ndi maso ena ogona, kotero kuti ngakhale mtengo wonse utapserera chitsa chimaphukanso. Kwa mlimi wa bonsai mphatso imeneyi ndi yaikulu, chifukwa imamulola kudula thunthu lalitali n'kulisiya lalifupi lopanda tsamba ndi limodzi lomwe, chinthu chimene chikanapha paini nthawi yomweyo, komanso chotupacho chimapatsa tsinde kunenepa kumene kumachititsa mtengo kuoneka wokhazikika. Mitundu imasiyana pa mfundoyi: Eucalyptus tereticornis amakhala nacho chotupachi, pamene Eucalyptus grandis nthawi zambiri sakhala nacho ngakhale kuti chitsa chake chimaphukabe.

Mizu ndiyo ili ndi vuto. Bulugamu womera panthaka yakuya amatsitsa muzu umodzi waukulu molunjika pansi kufunafuna madzi, n'kutambasula ina ingapo kutali ndi tsinde, ndipo timizu tating'ono tonga ubweya, tomwe ndito timayamwa madzi ndi chakudya, timakhala kunsonga kwa mizu italiitaliyo, osati pafupi ndi thunthu. Wokumba amene wangozungulira tsinde ndi khasu n'kuzula amanyamula chipika chokhala ndi mizu yodukaduka yosatha kumwa, ndipo mtengo wotere umafota m'masabata ochepa. Timizu timeneti timakhalanso pachibale ndi mitundu ina ya bowa wa m'nthaka, amene amatikuta n'kumatithandiza kuyamwa michere monga fosifolasi posinthana ndi shuga wochokera m'masamba, ndipo n'chifukwa chake dothi lina la pamalo pamene mtengo unamera liyenera kupita nawo limodzi m'chotengera choyamba m'malo molitsuka lonse.

Pa zifukwa zimenezi, kusankha mtengo kumayambira pa nthaka osati pa kukongola kwa thunthu. Mtengo womera pathanthwe, panthaka yosaya yokhala ndi miyala yolimba pansi pake, kapena m'mbali mwa dambo pamene madzi ali pafupi, umakakamizika kusunga mizu yake pamwamba ndi pafupi ndi tsinde, ndipo umapulumuka kawirikawiri kuposa mnzake wa pamchenga wakuya. Thunthu loyenera woyamba ndi la masentimita atatu mpaka asanu ndi atatu m'mimba mwake, lokhala ndi kupindika pafupi ndi nthaka ndiponso lonenepa m'munsi n'kumachepa chokwera. Pa mitundu yopezeka ku Lusaka, wabwino koposa ndi Eucalyptus camaldulensis, amene amadziwika ndi khungwa losalala lamawangamawanga otuwa, oyera ndi ofiirira, komanso masamba ataliatali opyapyala olendewera pansi. Kwawo amamera m'mbali mwa mitsinje yosefukira monga Murray, motero amapirira madzi ochuluka ndi chilala chomwe, ndipo amaphuka mosavuta pathunthu lakale. Eucalyptus grandis, amene amathamangira kumwamba mowongoka ndi masamba akuluakulu, amavutitsa wolera kwambiri ndipo ndi bwino kumusiyira ocheka matabwa.

Nthawi yokumba

Mabuku ambiri a bonsai analembedwa ku Japan, ku Ulaya ndi ku America, ndipo amalangiza kukumba mitengo kumapeto kwa nyengo yozizira, isanayambe kuphuka. Langizo limeneli ndi la mitengo imene imayoyola masamba n'kugona m'chisanu, ndipo alimi a ku Australia anaona kuti bulugamu amachira bwino akakhudzidwa mizu m'nyengo yofunda, pamene ali pakati pokula ndipo akhoza kutulutsa mizu yatsopano msanga. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pachaka, imene imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kucheperapo, ndipo mizu yodulidwa imangokhala osachira, nthawi zina n'kuwola. Mu Ogasiti kumawomba mphepo youma yafumbi, ndipo mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 30 mpweya uli wouma, moti mtengo wopanda mizu yokwanira umauma ngakhale uli pamthunzi. Nthawi yabwino ndi kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Janyuwale, pamene mvula yakhazikika, nthaka yafewa, mitambo ikuphimba dzuwa, ndipo patsala miyezi itatu kapena inayi yofunda kuti mtengo uzike mizu chisanu chisanafike.

Njira yodalirika kwambiri ndi yokumba kawiri m'madzinja awiri otsatizana. M'dzinja loyamba wokumba amadula thunthu pamsinkhu wopitirira pang'ono umene akuufuna, kenako amakumba kangalande kozungulira theka la tsinde, patali masentimita 20 mpaka 30, n'kudula mizu ikuluikulu ya mbali imeneyo ndi sowo kapena mpeni wakuthwa, chifukwa bala losalala limachira n'kutulutsa timizu pamene lophwanyika ndi khasu limawola. Kangalandeko amakakwirira ndi mchenga wosakaniza ndi manyowa owolerana, ndipo mtengo umasiyidwa pomwepo chaka chathunthu ukumwa kudzera m'mizu yotsalayo pamene ukumeretsa timizu tatsopano m'mchengamo. Dzinja lotsatira ndi pamene mbali inayo ndi muzu wapansi zimadulidwa, ndipo mtengo umanyamulidwa ndi dothi lake lomwe, utakulungidwa m'chiguduli chonyowa n'kumangidwa zolimba kuti dothilo lisasweke panjira. Masamba ambiri amachotsedwa nthawi yomweyo, popeza tsamba lililonse limataya madzi amene mizu yochepayo singathe kubwezeretsa. Pamalo pamene akufuna kumangapo mawa lomwe palibe mpata wodikira chaka, ndipo zikatero mtengo umakumbidwa kamodzi, koma wokumbayo adziwe kuti mwayi wopulumuka wachepa. Dzenje lililonse liyenera kukwiriridwa bwino asanachoke, chifukwa limathyola miyendo ya ziweto ndi ya ana, komanso limasunga madzi oswanirana udzudzu.

Chotengera choyamba sichikhala mphika wokongola koma bokosi lamatabwa, beseni lakale kapena chigubu chodulidwa pakati, chokulirapo pang'ono kuposa mizu ndiponso chobooledwa mabowo ambiri pansi. Dothi la m'munda, makamaka katondo, silithandiza m'chotengera, chifukwa likanyowa limamatirira n'kutsekereza mpweya ndipo likauma limalimba mpaka madzi amangodutsa m'mbali. Ajapani amagwiritsa ntchito dongo lamibulu lotchedwa akadama, limene kuno n'lodula ndi losowa, koma ntchito yake ikhoza kugwiridwa ndi zinthu zopezeka ku Chelstone konko: njerwa zowotcha zophwanya, mchenga wa kumtsinje wokhakhala, makungwa a paini owolerana ndi timakala tating'ono. Zonsezi zimasefedwa kuti patsale timibulu ta mamilimita atatu mpaka asanu ndi limodzi, fumbi n'kutayidwa. Miyala yoswedwa imene imagulitsidwa m'misewu ya Lusaka iyenera kupewedwa, chifukwa yambiri ndi ya laimu ndipo imasintha dothi m'njira imene bulugamu sakondwera nayo. Mtengo umamangiriridwa ku chotengeracho ndi waya kapena chingwe kuti usagwedezeke, popeza timizu tongomera kumene timaduka ndi kugwedezeka kochepa chabe, ndipo umaikidwa pamthunzi wowala, pobisika ku mphepo, kwa mwezi umodzi kapena iwiri.

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Pakapita masabata awiri kapena atatu thunthu limatulutsa mphukira zofiira zambirimbiri, ndipo mwini wake, poganiza kuti mtengo wagwira, amautulutsira padzuwa, kuuthira feteleza ndi kuyamba kuudulira. Koma mphukira zoyambazo zimachokera m'chakudya chimene chinasungidwa kale m'thunthu, monga banja limadya za m'nkhokwe munda usanalimidwe, ndipo sizinena kanthu za mizu. Umboni weniweni umabwera pamene mphukirazo zakhwima, zasanduka zobiriwira, ndipo zatulutsanso masamba ena kachiwiri osafota masana, kapena pamene timizu toyera tayamba kusuzumira m'mabowo a pansi. Kufikira nthawi imeneyo feteleza ndi woopsa chifukwa amawotcha mabala a mizu, ndipo ngakhale mtengo utagwira, chaka choyamba chonse, mwinanso chachiwiri, uyenera kusiyidwa kuti ukule momasuka, popeza masamba ndiwo amapanga chakudya chomangira mizu.

Madzi ndi nkhani imene wokhala ku Lusaka sangainyalanyaze. Bulugamu ndi mtengo waludzu, ndipo m'chotengera chosaya chodzaza timiyala amafuna kuthiriridwa tsiku lililonse m'chilimwe, kawiri patsiku mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo tsiku limodzi lokha louma likhoza kupha nthambi zimene zinatenga zaka kuti zipangike. Chilala cha dzinja la 2023 ndi 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse, chinachepetsa madzi ku Kariba, magetsi anazima maola ambiri, ndipo mapampu a m'zitsime zakuya analeka kukoka, zomwe zinaonetsa kuti wolera mtengo wotere ayenera kukhala ndi mgolo wosungira madzi nthawi zonse. Kukhazika mphika m'mbale yosaya yokhala ndi madzi pang'ono m'miyezi yotentha kumathandiza, makamaka kwa Eucalyptus camaldulensis amene sadana ndi kunyowa. Palinso vuto lachiwiri, lakuti mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pamiyala ya laimu ndipo madzi a pansi pake ali ndi laimu wambiri, monga zimaonekera ndi zoyera zomatirira m'maketulo. Laimuyu akachuluka m'mphika, mizu imalephera kuyamwa ayironi, ndipo masamba anthete amasanduka achikasu mitsempha yake yokha ili yobiriwira. Madzi a mvula otunga padenga ndiwo abwino koposa, ndipo kumene palibe, mankhwala a ayironi ogulitsidwa m'masitolo a zaulimi amabwezeretsa mtundu wa masamba.

Kuumba maonekedwe

Mtengo ukalimba, ntchito yoyamba ndi kusankha mphukira zimene zidzakhale nsonga ndi nthambi, n'kuchotsa zina zonse, makamaka zimene zamera zambiri pamalo amodzi, chifukwa zikasiyidwa zimatupitsa thunthu pamalopo monyansa. Mphukira zochokera m'maso ogona zimamatirira mofooka m'chaka choyamba ndipo zimatha kuthothoka ndi mphepo kapena ndi dzanja, choncho sizipindidwa zisanakhwime. Khalidwe lalikulu la bulugamu limene wolera amalimbana nalo moyo wonse wa mtengowo ndi lothamangira kumwamba, chifukwa mphamvu zake zonse amazitumiza kunsonga ndipo nthambi za m'munsi zikakhala pamthunzi amaziumitsa n'kuzigwetsa, khalidwe lomwelo limene limapatsa ocheka matabwa mapolo osalala. Mankhwala ake ndi kutsina nsonga zapamwamba pafupipafupi m'dzinja, kusiya masamba awiri kapena anayi pa mphukira iliyonse, pamene nthambi za m'munsi zikuloledwa kutalikirapo kuti zikhale ndi mphamvu. Mphika uyeneranso kutembenuzidwa sabata ndi sabata kuti mbali zonse zilandire dzuwa.

Waya wa aluminiyamu kapena wa kopa, umene umakulungidwa panthambi kuti ipindike n'kukhala momwemo, umagwira ntchito pa bulugamu koma umafuna diso, popeza nthambi zimanenepa msanga ndipo m'dzinja waya ukhoza kulowa m'khungwa pasanathe mwezi umodzi, n'kusiya chipsera chooneka kwambiri pa khungwa losalala. Nthambi yopindidwa mpaka kuloza pansi kawirikawiri imafooka n'kufa, ndipo alimi ambiri amakonda kuumba mtengowu ndi lumo lokha, podula pamwamba pa diso loloza kumene akufuna kuti nthambi ipite. Masamba nawo ali ndi chodabwitsa chawo: mitundu yambiri imatulutsa masamba aubwana, ofupika ndi otambalala, ikakhala yaing'ono kapena ikangodulidwa, ndipo masamba aukulu, ataliatali ndi opyapyala, amabwera pambuyo pake. Kukula kwa masamba kumachepa pamene timanthambi tachuluka ndiponso pamene mtengo uli padzuwa lokwanira, ndipo mtengo wathanzi ukhoza kuchotsedwa masamba akuluakulu kumayambiriro kwa dzinja kuti utulutse ang'onoang'ono. Komabe masamba a bulugamu sadzafika kuchepa kwa singano za paini, ndipo n'chifukwa chake amaoneka bwino akaleredwa pamsinkhu wa masentimita 60 mpaka mita imodzi.

Cholakwika chachikulu, chimene chimaononga mitengo yambiri yabwino, ndicho kukakamiza bulugamu kuti aoneke ngati paini wa ku Japan wokhala ndi nthambi zogona mosanjikizana ndi nsonga yosongoka. Bulugamu wokalamba sakula choncho. Thunthu lake limagawikana kukhala nthambi zikuluzikulu zingapo zokwera m'mwamba mokhotakhota, masamba amakhala m'magulumagulu kunsonga ndi mipata yoonekera thambo pakati pake, pena pamakhala nthambi youma kapena mphako, ndipo ulemerero wake uli pa khungwa limene limafunduka chaka ndi chaka n'kuonetsa mitundu yatsopano. Alimi a ku Australia anafika pozindikira zimenezi, ndipo m'nkhokwe ya dziko lawo ya bonsai ndi penjing, imene ili ku National Arboretum mumzinda wa Canberra, muli mitengo ya bulugamu yoleredwa motsata maonekedwe a kwawo. Ku South Africa nakonso alimi anatulukira masitayelo a mu Africa, monga ya mlambe ndi ya mtengo wa denga lotambalala yotchedwa Pierneef potengera dzina la wojambula zithunzi J. H. Pierneef. Wolera wa ku Chelstone ali ndi aphunzitsi pafupi, chifukwa mitengo ikuluikulu ya bulugamu ya m'malire a masukulu ndi mafamu akale imamuonetsa tsiku lililonse mmene nthambi zimagawikirana, ndipo kuijambula papepala kumathandiza kuposa kukopera chithunzi cha m'buku lakunja.

Adani a mtengowu achuluka m'zaka za posachedwa, ndipo ambiri anachokera ku Australia konko. Kachilombo kotchedwa Thaumastocoris peregrinus, kamene kanaoneka ku South Africa mu 2003, kamayamwa masamba mpaka kuwafiiritsa. Leptocybe invasa, kamavu kakang'ono kwambiri, kamaikira mazira m'mitsempha ya masamba ndi m'timanthambi tanthete n'kuchititsa zotupa. Ndipo Glycaspis brimblecombei, kamene kanafika ku South Africa mu 2012 n'kufalikira m'maiko oyandikana nawo kuphatikizapo Zambia, kamabisala pansi pa tizipewa toyera tomata pamasamba, ndipo kamakonda kwambiri Eucalyptus camaldulensis. Pamtengo waung'ono tizilomboti sitivuta kuthana nato ngati mwini wake amayang'ana kunsi kwa masamba kawirikawiri, chifukwa masamba ogwidwa akhoza kuthyoledwa n'kutenthedwa ndipo otsala n'kutsukidwa ndi madzi a sopo wochepa. Chiswe, chimene chimapha mbande zambiri za bulugamu m'minda, chimapewedwa pokhazika chotengera pa tebulo kapena pa njerwa za simenti, osati pansi.

Mphika weniweni wa bonsai umabwera mochedwa, patapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo mtengo umafikamo pang'onopang'ono, mizu ikufupikitsidwa ndi gawo losapitirira limodzi mwa magawo atatu nthawi iliyonse imene dothi likusinthidwa, zomwe zimachitika chaka chilichonse kapena pakapita zaka ziwiri, m'nyengo yomwe ija ya kumayambiriro kwa mvula. Oumba mbiya akhoza kupanga mphika woyenera ngati auzidwa kuti ukhale wosaya, wa mabowo akuluakulu pansi, wa timiyendo tokweza ndiponso wowotchedwa bwino. Chakudya chimaperekedwa chochepa koma pafupipafupi m'miyezi yokula, kaya ndi manyowa owolerana bwino kaya feteleza wosungunula m'madzi pa theka la muyezo wolembedwa, ndipo chimaimitsidwa mu Juni ndi Julayi. Mtengowu ndi wapanja, ndipo pabalaza ukhoza kukhala tsiku limodzi kapena awiri okha pakabwera alendo, chifukwa m'nyumba muli mdima umene umauyoyola masamba.

Wowerenga amene akufuna kuyesa ayambe m'dzinja likubwerali pofunafuna zitsa ziwiri kapena zitatu panthaka yosaya, apemphe chilolezo kwa mwini malo, adule thunthu ndi theka la mizu mu Disembala, ndipo akanyamule mtengowo Disembala wa chaka chotsatira, atakonzeratu bokosi, dothi losefa ndi mgolo wa madzi a mvula. Mombo, mtondo, msuku ndi mukula azisiye m'tchire momwe zilili.